Bauti ya Mfuti ya Amalume

Amalume atamwalira anasiya mabwato awiri, injini imodzi yakufa, mbuzi, nyumba yamalata ndi mfuti. Zina zonsezo anthu anagawana popanda phokoso. Phokoso linabuka pa mfuti.

Inali mfuti yakale, ya mtundu uja umati ukawombera kamodzi umakoka chitsulo ndi dzanja kuti chipolopolo china chilowe. Amalume anali nayo ndi mapepala ake onse, ndipo anthu a m'midzi ya kwathu kuno, pakati pa Senga Bay ndi Chipoka, ankawaitana nguluwe zikavuta m'minda ya chinangwa. Ine ndine mwana woyamba wa mlongo wawo, ndiye akuluakulu a banja anati mfutiyo ndi yanga. Koma amalume anasiyanso mwana wamwamuna, msuweni wanga, amene timasiyana chaka chimodzi chokha. Tinakulira limodzi, tinamenyana kokwanira tili ana, ndipo pakamwa pake mpaka lero sipatsekeka.

Pa tsiku logawa katundu anayimirira n'kuloza ine.

"Mfuti mukumpatsa uyu? Uyu amene njinga ikaduka tcheni amayimenya mateche?"

Anthu anaseka. Msuweni amaloledwa kukunyoza pagulu, aliyense amadziwa zimenezo. Ine sindinaseke.

"Iwe, ine ndinamaliza Folomu 4. Iwe unathawa masamu ku pulayimale."

"Folomu 4 yakoyo inakuphunzitsa kumanga mfuti? Bambo ankayimasula yonse akamayisunga. Ili m'zidutswa m'thumbamo. Olo kuyimanga kokha sungathe."

Magazi anandikwera m'mutu. Ndinayimirira n'kunena mawu amene palibe anandipempha kuti ndinene. Ndinati pofika tsiku la chiliza cha amalume, ndikadzalephera kuyionetsa pamaso pa banja lonse itamangidwa, ikulowetsa chipolopolo n'kuchitulutsa bwinobwino, adzayitenge, ndipo mapepala osinthira dzina ndidzamusayinira ndekha. Msuweni anatembenukira kwa anthu n'kuti, "Mwamva nonse eti?" Anali atamva. Mkazi wanga anangogwira kumutu.

Mfutiyo inakakhala kupolisi miyezi yambiri pamene ndinkayendera chiphaso. Ndinapita ku boma kangapo, ndinadinditsa zala, ndinajambulitsa, ndinadikira. Tsiku limene anandipatsa thumba langa n'kuti kwatsala masabata atatu kuti chiliza chichitike.

Ndinafika kunyumba, ndinayala mkeka pakhonde la kuseri, n'kukhuthula. Munali thabwa logwirira, losalala chifukwa cha manja a amalume. Munali mpope wake wolumikizika ndi thupi lachitsulo, kabokosi kolowamo zipolopolo, kachitsulo kozungulira potetezera chala, ndi masikuluwu awiri akuluakulu omangidwa m'kansanza. Chimene munalibe ndi bauti, chitsulo chija chimakankha chipolopolo n'kutseka kumbuyo kwake. Popanda chimenecho mfuti ndi ndodo chabe.

Madzulo a tsiku lomwelo msuweni anabwera pa njinga. Anati amayi ake, azakhali anga, anapeza bautiyo m'bokosi lachitsulo la amalume, pansi pa majekete, patapita nthawi thumba litapita kale kupolisi. Anabweretsanso kachitini ka polishi wa nsapato. Mkati munali zipolopolo zisanu zophunzirira, zopanda wonga, zoboola m'mbali ndiponso zopaka utoto wofiira kuti munthu asazisokoneze ndi zenizeni.

"Izi ndiye zako," anatero. "Sizilira. Ngati mwini wake, phokoso la pakamwa basi. Ayi ndanama, iwe umalira."

"Choka pakhomo panga."

"Ndikupita. Uyisamale mfuti yangayo, usayikande."

M'mawa mwake ndinayamba. Ine ndakhala ndi injini za maboti moyo wanga wonse, ndipo kunyanja kuno chitsulo chilichonse timachidziwa mankhwala ake: girisi. Dzimbiri la kuno silisewera. Ndiye ndinatenga chitini cha girisi wa injini n'kupaka paliponse, kunja, mkati, m'bowo lolowa chipolopolo, mpaka mfuti inkanyezimira ngati mlamba. Ndinalowetsa thupi m'thabwa, ndinamanga masikuluwu aja. Sikuludiraiva yanga inali yaying'ono, ndiye ndinatenga mpeni wa kukhitchini. Unapindika kunsonga. Ndinatenga wina.

Kenako ndinalowetsa bauti. Inayenda pang'ono n'kuyima. Ndinakankha. Inakana. Ndinayitulutsa, ndinawonjezera girisi, ndinakankhanso. Inayima pamalo pomwepo, ngati yagunda khoma.

Mkazi wanga anatuluka akufuna mpeni wake.

"Abambo, mipeni yanga iwiri ili kuti?"

"Ili pa ntchito."

Anayitola, anayiyang'ana nsonga zake, n'kundiyang'ana ine.

"Nsomba za lero mutumbula ndi mfutiyo."

Masiku anayi ndinalimbana nayo. Ndinkamasula, n'kumanga, n'kumasulanso. Mphepo ya mwera inkawomba mchenga pakhonde, ndipo mchengawo unkamatirira pa girisi, moti bauti inayamba kulira khwekhwerere ikamalowa. Ndinagula bandulo n'kuwonera mavidiyo pa foni. Azungu a m'menemo anali ndi matebulo oyera, zida zopachika pakhoma, ndipo mfuti zawo sizinkafanana ndi yanga. Mmodzi anayankhula mphindi makumi awiri za galu wake asanagwire n'komwe mfuti. Foniyo ndinayiponya pamkeka, galasi n'kung'aluka pakona. Mpaka pano ndi long'aluka.

Tsiku lachisanu mkazi wanga anati, "Bwanji osapita kwa a sajeni?"

A sajeni ndi bambo wina wa kutchalitchi kwathu amene anapuma usilikali ndipo pano amaweta nkhuku za mazira. Sindinkafuna kupita. Ndinkadziwa kuti nkhani ikafika kwa msuweni adzati ndabwereka mutu. Koma pa lonjezo langa panalibe mawu oletsa kufunsa munthu, ndipo masiku ankatha. Ndinawatumira uthenga, iwo n'kubwera Loweruka m'mawa atavala kabudula ndi nsapato za matayala.

Chinthu choyamba anatulutsa bauti, anasuzumira mkati, analowetsa chala, kuti atsimikize kuti mulibe kanthu. Kenako anatenga zipolopolo zofiira zija chimodzichimodzi, kuyang'ana mabowo, kuyang'ana kumbuyo kwake, kugwedeza pafupi ndi khutu.

"Zenizeni zili kuti?"

"Sindinagule."

"Mwachita bwino. Pophunzira, zenizeni sizikhala m'chipinda chimodzi ndi madami, zofiira izi. Anthu afa nazo zimenezo." Ananunkhiza zala zawo. "Achimwene, uyu ndi girisi wa chiyani?"

"Wa injini."

"Mukufuna ikawoloke nayo nyanja?"

Anayitanitsa palafini, beseni ndi nsanza. Tinatsuka kwa ola lathunthu. Munatuluka madzi akuda, mchenga n'kukhala pansi pa beseni. Atamasula masikuluwu aja anawayika pachikhatho n'kundionetsa. Ine ndinkawaona ngati ofanana. Sanali ofanana. Imodzi inali yayitali pang'ono, mwina ndi theka la chikhadabo. Ndinali nditayika yayitaliyo pa bowo la yayifupi, ndiye nsonga yake inkatulukira mkati n'kutchinga njira ya bauti. Khoma limene ndinkagunda lija ndinalimanga ndekha.

"Masiku angati mwalimbana nazo?"

"Awiri," ndinatero.

"Anayi," anatero mkazi wanga ali kukhitchini.

A sajeni anasinthanitsa masikuluwu, anadontheza mafuta a mashini osokera madontho atatu okha, n'kulowetsa bauti. Inatsetsereka mpaka kumapeto, chogwirira chake n'kugwera m'malo mwake n'kutseka, kwa! Mtima wanga unakhala pansi. Ndinayamba kale kuganiza mawu amene ndidzamuwuze msuweni.

"Tiyeni tione ndi dami," anatero.

Anayika chofiira chimodzi m'kabokosi, anakankha bauti. Chipolopolo chinakwera, chinalowa, koma chogwirira chinakana kugwa. Chinayima m'njira. Anakoka kuti atulutse, bauti inabwerera yokha, chipolopolo n'kutsala mkati. Anachigwetsa ndi kandodo kolowetsa kutsogolo. Anayesa chachiwiri. Chimodzimodzi. Zonse zisanu chimodzimodzi.

"Zipolopolozi n'zotupa," ndinatero. "Zakhalitsa."

Anazigubuduza pa galasi la tebulo, anaziyang'ana pa dzuwa. Anati n'zowongoka, zilibe vuto, ndipo zikuonetsa kuti zinalowapo m'mfuti imeneyi kambirimbiri.

Ine ndinali nditatopa. Ndinatenga mpini wa khasu umene unali pakhondepo.

"Gwirani bwino, ndichimenye kamodzi chogwiriracho. Chigwa."

A sajeni anandiyang'ana mmene ndikuganiza kuti ankawayang'anira anyamata awo ku usilikali.

"Ikani pansi chimenecho."

Ndinayika.

"Mfuti ikakana, ikukuuzani kanthu. Mukayikakamiza lero ndi dami, mawa mudzayikakamiza ndi chenicheni, ndipo chitsulo ichi chili moyang'anana ndi diso lanu."

Anatulutsa bauti n'kuyamba kupukuta pansi pa chogwirira, pamene panali litsiro lakale louma. Anapala ndi chikhadabo. Panaoneka manambala ang'onoang'ono. Anayang'ana manambalawo, anayang'ana a pathupi la mfuti, anayitanitsa chiphaso changa n'kuyang'ananso.

"Bauti iyi si ya mfuti iyi."

"Mukuti chiyani?"

"Mtundu ndi umodzi, n'chifukwa chake ikulowa. Koma iliyonse anayipanga ndi bauti yakeyake, ndipo manambala amafanana. Onani apa, onani apa. Izi ndi mfuti ziwiri. Mwayi wanu ndi woti yakana. Zina zimavomera, n'kudzaphulikira kumaso."

Sindinamve zambiri pambuyo pa mawu amenewo. M'mutu mwanga munabwera chithunzi chimodzi: msuweni akutsika pa njinga, akundipatsa bauti, akuseka. A sajeni ankayankhulabe pamene ndinkaliza njinga yamoto. Mkazi wanga anakuwa kuti ndidikire. Bautiyo inali m'thumba la buluku.

Ndinamupeza padoko, pa mathandala ake oyanikapo nsomba, akutembenuza usipa. Panali anthu ambiri, amayi ogula nsomba ndi mabeseni awo, asodzi akusoka ukonde wa chilimira pamthunzi. Sindinapereke moni kwa aliyense.

"Wakuba iwe! Bauti ya amalume wayibisa kuti?"

"Msuweni, wadzuka bwanji?"

"Usandinyoze! Wandipatsa chitsulo cha mfuti ina kuti ndilephere. Ukanandipha! Ukudziwa kuti chikanandiphulikira kumaso?"

"Nkhope imeneyo chikanayikonza."

Ena anaseka. Ndinamugwira malaya pakhosi n'kumukankhira pa thandala. Mwendo umodzi wa thandalalo unathyoka, usipa wa tsiku lonse n'kukhuthukira mumchenga. Kuseka kunatha. Asodzi awiri anandigwira mikono.

Msuweni anadzuka pang'onopang'ono, akuchotsa usipa m'tsitsi. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinamuona alibe nthabwala pakamwa.

"Ine ndakupatsa chimene amayi anandipatsa. Mfuti ya bambo anga ndimayifuna, sindibisa. Koma kuti ndikuphe nayo? Pamaso pa anthu onsewa wanditchula wakuba." Anayamba kutola nsomba zake. "Pita. Tikaonana pa chiliza."

Ndinapita kwa azakhali ndikadali wotentha, koma kwa iwo munthu sukuwa. Ndinakhala pansi, ndinapereka moni, ndinaonetsa bauti ndi kufotokoza za manambala. Anayitembenuza m'manja n'kuti iwo za zitsulo sadziwa, anangoyipeza m'bokosi.

"Koma amalume ako akafuna kupita kosaka, ankayamba apita kwa anzawo aja a ku Chipoka. Nthawi zonse. Olo nguluwe zikhale kuseri kwa nyumba, ankayamba apalasa njinga kupita kumeneko. Ndinkayesa amakatengana basi. Kafunse kumeneko."

Anzawo a amalumewo ndinkawadziwa. Ndi bambo wachikulire, Msilamu, amene kale anali ndi maboti ndipo ankasaka limodzi ndi amalume. Pa maliro anabwera, anakhala kumbuyo. Ndinafika kwawo Lamlungu masana n'kuwadikira pakhonde mpaka anabwera kuchokera ku swala kumzikiti. Anandilandira, anayitanitsa tiyi, anafunsa za ana, za mayi awo, za mitengo ya petulo. Ine ndinkangogwedeza mwendo. Pomaliza ndinatulutsa bauti n'kuyiyika pamkeka.

Anayitola, anayang'ana pansi pa chogwirira popanda kuwauza, n'kumwetulira.

"Iyi ndi yanga."

"Yanu? Inkatani m'bokosi la amalume?"

"Inkakhala kumeneko. Ndipo yawo imakhala kuno."

Anandifotokozera mosafulumira. Anati iwo ndi amalume anapeza mfuti zawo nthawi imodzi, za mtundu umodzi, onse akadali anyamata. Amalume anali munthu wa mtima wapachala. Chaka china anakangana ndi munthu pa malire a dimba, anathamangira m'nyumba, anatuluka ndi mfuti yodzaza. Sanawombere, koma anafika nayo mpaka pa dimbapo. Tsiku lotsatira anabwera ku Chipoka ndi bauti m'thumba n'kuti, sunga ichi. Ndikachifuna ndizibwera kudzatenga, ndipo ukandiona nkhope sili bwino usandipatse.

"Ndiye ine ndinati, bwanawe, ngati ine ndisunga yako, iwenso sunga yanga. Ndisaoneke ngati ine ndi mngelo. Tinasinthana. Kuchokera kwanu kufika kuno pa njinga yakapalasa ndi ola ndi theka. Wallahi, palibe mkwiyo umene umapalasa njinga ola ndi theka mumchenga. Amafika kuno atatopa, tinkamwa tiyi, nkhani yatha."

"Anabwerapo atakwiya?"

"Katatu. Kawiri ndinawabweza. Kachitatu anabwerera okha ali pa mlatho."

Ine amalume ndinkawadziwa ngati munthu wofatsa, mkulu wa mpingo, woyankhula motsitsa. Zimenezi palibe anandiuzapo.

"Nanga bwanji simunanene pa maliro paja?"

"Ndikanauza ndani? Mfuti inali isanapeze mwini. Ndinati amene adzayitenge, ikadzamuvuta adzafika yekha, ndidzamuone."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kansalu konona mafuta. Anakafunyulula. Bauti ya amalume inali yoyera ngati yatsopano. Ndinatulutsa chiphaso n'kuyang'ana manambala. Anali omwewo. Ndinatambasula dzanja. Iwo anakulunganso kansaluko n'kukayika pansi pa ntchafu yawo.

"Za padoko dzulo ndamva."

"Ababa, ija inali ngozi chabe. Ndinkayesa..."

"Thandala silithyoka ndi kuyesa. Iwe wabwera pa njinga yamoto, mphindi makumi awiri. Sunazizire. Pangano langa ndi malume ako linali loti nkhope ikakhala sili bwino ndisapereke. Mwini wake wapita koma pangano sindinalimasule."

"Chiliza ndi Loweruka likubwerali kuwonjeza lina. Ndikapanda kuyionetsa, mfuti ipita."

"Ndamva zimenezonso. Ubwere ndi msuweni wako. Mukabwera awiri, insha Allah, tikambirana."

Ndikanakhala kuti ndinali kwa munthu wina ndikanakuwa. Koma ndinaona kuti akundiyang'ana kuti aone ngati ndikuwe, ndiye ndinameza mawu, ndinamaliza tiyi, ndinatsanzika. Bauti yawo ndinawasiyira. Ndinabwerera kunyumba ndi mfuti yomanga bwino yopanda bauti ngakhale imodzi.

Masiku atatu sindinapite kwa msuweni. Ndinkadziuza kuti ndili ndi ntchito. Lachinayi ndinadula mitengo iwiri ya bulugamu, ndinatenga misomali ndi hamala, n'kupita padoko m'mamawa. Ndinayamba kukonza thandala lija popanda kufunsa. Iye anafika ndili pakati, anayima, anapinda manja.

"Mwendo umenewo wafupika."

"Sunafupike."

"Wafupika. Folomu 4 sanakuphunzitseni kuyeza?"

Unali utafupikadi. Ndinazula n'kuyika wina. Nditamaliza ndinayimirira, ndipo poti ndinamunyoza pamaso pa anthu, ndinayankhula mokweza kuti asodzi amve.

"Ndinakutchula wakuba. Sunabe kanthu. Ndinalakwa."

"Bwerezanso, amayi awo ali uko sanamve."

"Usandiwonjeze."

Anaseka, koma pang'ono. Ndinamufotokozera zonse za ku Chipoka. Atamva za bambo ake ndi dimba lija anakhala pansi pa bwato. Nayenso sankadziwa. Kenako anati, "Ndiye ukufuna ine ndikuperekeze kuti ukatenge chinthu choti undilande nacho mfuti ya bambo anga?"

"Eya."

"Ndikakana?"

"Ukakana mfuti ndi yako. Ndinanena ndekha."

Anayang'ana nyanja, anayang'ana thandala.

"Petulo ndi wako. Ndipo ndiyendetsa ine. Sindikwera kumbuyo kwa wamisala."

Tinapita Loweruka, mfuti ili m'thumba lake, chiphaso chili m'malaya, kachitini ka zofiira kali m'thumba la msuweni. Bambo aja anatilowetsa m'nyumba n'kutseka chitseko kuti ana asaunjikane. Anayang'ana mkati mwa mfuti, anayang'ana zipolopolo zonse zisanu monga anachitira a sajeni, analozetsa mpope kukhoma la kuseri, n'kundipatsa bauti.

Inalowa ngati yabwerera kwawo. Ndinayika zofiira zisanu m'kabokosi. Ndinakankha, chogwirira chinagwa chokha ndi chala chimodzi. Ndinakoka, chipolopolo chinadumpha n'kugwera pamkeka. Chachiwiri chinagunda msuweni pabondo. Zonse zisanu zinalowa n'kutuluka popanda kukakamiza. Masabata awiri ndinatukwana chitsulo chosalakwa.

Bambo aja anatambasula dzanja, ndinatulutsa bauti n'kuwapatsa. Anayipukuta n'kuyikulunga.

"Ine ndakalamba. Maso akutha, ndipo yangayi ndikukayipereka kuboma mwezi uno, bauti yake yabwera. Ndiye sindingakusungirenso. Koma m'nyumba mwako chinthu ichi sichigona." Anatembenukira kwa msuweni n'kumuyika kansaluko m'manja. "Malamulo ndi omwe aja. Ukamuona nkhope sili bwino, usapereke."

"Ababa, nkhope yake sinakhalepo bwino chibadwire."

"Ndiye uziyang'ana maso."

Ndinafuna kutsutsa. Ndinati chiphaso chili m'dzina langa, mfuti ndi yanga yonse. Iwo anati n'zoona, ndipo ngati ndikufuna ndilande kansaluko pompano, palibe andiletse. Msuweni anakagwira poyera, pachikhatho, osafumbata. Ndinakayang'ana. Ndinakumbukira usipa uli mumchenga ndi asodzi awiri atandigwira mikono, ndipo tsiku limenelo m'thumba mwanga munali bauti yokha, mfuti ili kunyumba. Sindinatenge.

Pa tsiku la chiliza, mapemphero atatha ndipo anthu atadya, akuluakulu a banja anasonkhana kuseri kwa nyumba ya azakhali. A sajeni anabwera kudzayang'anira, anayimitsa aliyense kumbuyo kwanga. Ndinayala mkeka, ndinamasula mfuti yonse pamaso pawo n'kuyimanganso, sikuluwu yayitali pamalo pake, yayifupi pamalo pake, ndi sikuludiraiva yoyenera imene ndinagula ku Salima. Kenako ndinatembenukira kwa msuweni. Anachedwa dala, akufufuza m'matumba onse ngati wataya, mpaka azakhali anamukalipira. Anandipatsa. Zofiira zisanu zinalowa, zisanu zinatuluka.

Mkulu wa banja anati lonjezo lakwaniritsidwa, mfuti ndi yanga. Msuweni anati iye akuvomera, koma anthu adziwe kuti thabwa ndi paipi ndiye zanga, mfuti yeniyeni ili m'thumba mwake. Ndinachotsa bauti n'kumubwezera pomwepo, anthu akuona.

Mpaka lero zili choncho. Kwa msuweni ndi mphindi khumi ndi zisanu wapansi, ndipo anandiletsa kubwera pa njinga yamoto ndikamadzatenga. Chaka chatha nguluwe zinalowa m'chinangwa changa sabata imene iye anali ku chilumba cha Mbenji, kiyi wa bokosi losungamo bauti ali naye m'khosi. Zinadya mizere isanu ndi umodzi. Atabwera ndinamuwuza mawu amene sindingalembe pano, iye n'kundiyang'ana m'maso n'kuti ndibwerenso mawa. Ndinabwerera mawa lake, anandipatsa.